Nanga Amene Alibe Bokosi, Aphunzitsi?

Ndimaphunzitsa Sitandade 6 pasukulu ina ya pulayimale mumzinda wa Blantyre, ndipo munthu akaima pakhomo la kalasi langa amaliona bwinobwino phiri la Soche. Kumayambiriro kwa mwezi wa Juni m'chaka cha 2023 ahedi anandiitanitsa ku ofesi n'kundiuza kuti, "Aphunzitsi, Tsiku la Mwana wa mu Africa layandikira, ndipo makolo ndi a komiti adzabwera. Tikonzereni kandakatulo kamodzi kokoma, mupeze mwana wa mawu amphamvu kuti aloweze." Zimene zinatsatira pempho limeneli zinasintha kaphunzitsidwe kanga ka ndakatulo, ndipo ndakhala ndikufunitsitsa kuzilemba kuti aphunzitsi anzanga ndi makolo aziweruze okha.

## Ndakatulo zimene timalembera ana

Aliyense amene anakhalapo pamwambo wa kusukulu akuidziwa ndakatulo imene ahedi ankanena. Mwana amaima kutsogolo atavala yunifolomu yochapa bwino, amatambasula dzanja limodzi, n'kuyamba kufuula kuti maphunziro ndi chuma, kuti maukwati a ana atheretu, kuti tisamale mitengo, ndipo pomaliza amathokoza mlendo wolemekezeka. Anthu amaomba m'manja, amayi amaimba nthungululu, ena amadzuka kukamufupa. Koma mawu onsewo amakhala a mphunzitsi, amene anawalemba madzulo ali kunyumba, ndipo mwanayo wangobwereketsa pakamwa pake.

Mauthenga amenewa ndi oona, ndipo ine ndimagwirizana nawo. Chimene chimandivuta ndi chakuti pa 16 Juni timakumbukira ana a ku Soweto, ku South Africa, amene mu 1976 anatuluka m'makalasi pokana kuphunzitsidwa m'Chiafrikaans, ndipo ambiri a iwo anawomberedwa ndi apolisi. Bungwe la umodzi wa mayiko a mu Africa la OAU litakhazikitsa tsikuli mu 1991, linkalemekeza ana amene anayankhula zakukhosi kwawo popanda wamkulu wowalembera. Ife powakumbukira timasankha mwana mmodzi n'kumupatsa pepala loti aloweze.

M'kalasi namonso ndakatulo imafika ngati ntchito ya kumvetsa nkhani. Ana amaiwerenga, kenaka amayankha kuti ili ndi ndime zingati, akuyankhula ndani, akuyankhulidwa ndani, ndipo phunziro lake ndi lotani. Mafunso amenewa ali ndi ntchito yake, makamaka kwa mwana amene akukonzekera mayeso a Sitandade 8. Ndipo mphunzitsi amene ali ndi ana opitirira 100 m'chipinda chimodzi, monga zakhalira m'masukulu ambiri a m'tauni kuyambira pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, sangadzudzulidwe akasankha ntchito yosavuta kuchonga. Funso lokhala ndi yankho limodzi limachongeka msanga, pamene ndakatulo ya mwana imafuna kuti uiwerenge ndi mtima wonse.

Koma chaka chimenecho sichinali ngati zaka zina. Mu Januwale masukulu a mu Blantyre ndi Lilongwe anachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera, ndipo mu Malichi kunabwera namondwe wa Freddy. Ana atabwerera, kalasi limene kale linkanditopetsa ndi phokoso linali lofatsa mwa mtundu wina, kufatsa kosakondweretsa mphunzitsi. Ndinaona kuti kutenga mmodzi wa ana amenewa n'kumuuza kuti akafuule mawu anga pamaso pa makolo kukanakhala kuwanyoza onse.

## Chifukwa chake ndinatenga a Chadza

Kumpingo kwathu kuli bambo wina wachikulire amene anapuma ntchito ya uphunzitsi kalekale. Ali ndi mabuku akale a Chichewa, ena opanda chikuto, amene amawasunga m'sutikesi pansi pa bedi. Ndinapita kwa iwo kukapempha ndakatulo yakale imene ana angaimve ndi makutu n'kufuna kuiyankha. Sanatsegule n'komwe sutikesiyo. Anatsamira pampando, natseka maso, n'kulakatula pamtima "Likongolerenji Bokosi?" ya a E.J. Chadza, amene anabadwa mu 1923 n'kumwalira mu 1985, ndipo nawonso anali mphunzitsi.

Atamaliza ndinati, "Bambo, ndakatuloyi ndi yokoma, koma ana anga aona mabokosi ochuluka miyezi itatu yapitayi. Ndingawatengere bwanji nkhani ya maliro m'kalasi?"

Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Mwana wanga, mukuganiza kuti mukabisa ndakatuloyi mwabisanso zimene anaona?"

Funso lawo linandigwira chifukwa mwambo wathu umateteza ana ku maliro. Ambiri a ife tinakula tikutsekeredwa m'nyumba chitanda chikamadutsa, ndipo tikafunsa za munthu amene sakuonekanso tinkauzidwa kuti wapita kutali. Mwambowu uli ndi nzeru zake, ndipo sindiupeputsa. Koma mu Malichi 2023 panalibe chitseko chimene chikanabisa zimene zinachitika. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, masukulu ambiri anasanduka misasa ya anthu osowa pokhala, ndipo mwambo wa maliro a anthu ambiri pamodzi unachitikira pabwalo la sukulu, mabokosi atandandalikidwa pamzere. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 500,000 anachoka m'nyumba zawo. Ana anaona zonsezi ndi maso awo, ndipo amene sanaone pafupi anaona m'mafoni a makolo awo. Chimene sanapatsidwe ndi malo oti ayankhulepo.

Chinanso chimene chinandikopa ndi chakuti mutu wa ndakatuloyi ndi funso, ndipo ndi funso lokhudza chinthu chimene aliyense amachiona pamaliro koma sayerekeza kuchifunsa mokweza. Mwana aliyense amadziwa kufunsa. Ndinaganiza kuti ngati ana angatengeko kanthu kwa a Chadza, katengedwe kulimba mtima kumeneku, koyang'ana chinthu n'kuchifunsa chifukwa chimene chilili chotero.

Ndinabwerera kwa ahedi n'kuwafotokozera. Anazengereza, koma anavomera atandipatsa malamulo awiri: mwana aliyense asakakamizidwe kunena za maliro, ndipo mayi mmodzi wa m'gulu la amayi a pasukulu, amene ana amamudziwa ndi kumukhulupirira, akhale nafe m'kalasi tsiku limenelo.

## M'mawa wa tsiku la phunzirolo

Kunali kozizira monga kumachitira mu Juni, ndipo ana ambiri anali atabisa manja m'kati mwa majuzi. Ndinawauza kuti atseke makope, aike zolembera pansi. Pabolodi sindinalembe kanthu. Ndinaima pakati pa mizere n'kulakatula ndakatuloyo monga anachitira bambo aja, pang'onopang'ono, osakweza mawu. Nditamaliza ndinaibwerezanso. Ana amene anazolowera kuti ndakatulo ikatha pamabwera mafunso a pabolodi anadikira, ena atagwira kale zolembera.

Ndinangofunsa kuti, "Mwamva kuti a Chadza anayang'ana bokosi n'kulifunsa funso. Inu ndi chiyani chimene munachionapo n'kufuna kuchifunsa?"

Panapita kanthawi popanda woyankha. Kenaka kumbuyo, pafupi ndi khoma, dzanja linakwera. Silinali lothethetsa zala monga amachitira ana akamalimbirana kuti mphunzitsi awaone. Anali mtsikana amene anabwera pasukulu pathu mu Epulo kuchokera kusukulu ina, nyumba yawo itakokoloka, ndipo ankakhala ndi azakhali ake. Kuyambira pamene anafika, mawu ake ndinkawamva poitana mayina pokha. Anaimirira, nagwira desiki ndi manja onse awiri, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, a Chadzawo akufunsa chifukwa chimene bokosi lakongolera. Nanga amene alibe bokosi?"

M'kalasi munali ana ena ochokera kudera lomwelo, ndipo ankadziwa chimene ine ndinali nditangomva mwapatalipatali: mchimwene wake wa mtsikanayu anali mmodzi wa anthu amene sanapezeke. Panalibe mtembo, panalibe bokosi, panalibe manda oti banja likaikepo nkhata. Mayi wa m'gulu la amayi uja anaweramitsa mutu. Anyamata a kutsogolo, amene amapeza choseketsa pa chilichonse, anatembenuka n'kungomuyang'ana.

Ndinamuyankha kuti, "Mwanawe, funso limenelo ndi lako, ndipo ndi lalikulu. Kodi ungawayankhe a Chadza ndi ndakatulo yako?"

Iye anati, "Munati anamwalira kale. Ndiwayankha bwanji?"

Ndinati, "Anamwalira iwe usanabadwe, koma lero akuyankhula nawe ndipo wawamva. Nawenso ungayankhule chimodzimodzi."

Sanavomere ndipo sanakane. Anakhala pansi n'kuyang'ana pawindo. Koma funso lake linali litatsegula khomo, chifukwa manja anayamba kukwera mbali zonse. Wina ankafuna kufunsa mvula chifukwa chimene inagwera masiku otsatizana osapumira. Wina ankafuna kufunsa bulangeti limene analandira kumsasa kuti linachokera kwa ndani. Wina, amene kwawo sikunagwe chilichonse, anafunsa ngati akuloledwa kufunsa patapata wake chifukwa chimene amadukira nthawi zonse ali pakati pa njira, ndipo kalasi linaseka kuseka kwenikweni, koyamba m'masabata ambiri. Ndinamuuza kuti akuloledwa, ndipo ndinasangalala kuti anafunsa, chifukwa sindinkafuna kuti ana aganize kuti ndakatulo ndi ya olira okha.

Ndakhala ndikulingalira zimene mtsikanayu anachita m'mawa umenewo. Sanaione ndakatuloyo ngati chinthu chopatulika cha m'buku chimene ntchito yake ndi kuchiloweza. Anaimva ngati mawu a munthu wamkulu amene wanena zoona, koma zoona zimene sizinafike pamene iye waima, ndipo mwaulemu wake anamuuza wamkuluyo kuti pali china chimene chatsala. Ine ndinaphunzira Chichewa mpaka kukoleji ya aphunzitsi, ndipo sindikudziwa kawerengedwe ka ndakatulo koposa kameneka. Palibe funso la ndime zingati limene likanatulutsa zimenezi mwa mwana wa zaka 12.

## Pakamwa poyamba, pepala pambuyo

M'masiku otsatira ndinagawa ana m'magulu n'kuwatulutsa panja. Lamulo loyamba linali lakuti palibe wotenga mzere wa a Chadza, ngakhale umodzi. Ndinawauza kuti ndakatulo yakale ili ngati moto wokapala kwa mnansi: umabwera ndi khala, koma nsima umaphika ndi ufa wako. Lamulo lachiwiri linali lakuti ayambe kunena asanalembe. Mzere uliwonse unkayenera kutuluka pakamwa, anzawo aumve, auvomereze kapena aukane, kenaka mlembi wa gulu aulembe.

Lamulo lachiwirili ndi limene ndikufuna aphunzitsi anzanga alitenge. Ngakhale pulogalamu ya boma yolimbikitsa kuwerenga m'makalasi oyambirira inayamba mu 2016, m'kalasi la Sitandade 6 mumapezekabe ana amene amalemba movutikira kwambiri. Mwana wotere ukamupatsa pepala n'kumuuza kuti alembe ndakatulo, mphamvu zake zonse zimathera pa kalembedwe ka mawu, ndipo amatulutsa mizere iwiri youma. Mwana yemweyo ukamulola kuyankhula, umadabwa. Mnyamata amene amakhala kumapeto pamayeso a teremu iliyonse ndi amene anapeka mizere yabwino kwambiri m'gulu lake, ndipo anzake ankamudikira kuti anene asanalembe. M'makalasi akuluakulu maphunziro ena onse amayenda m'Chingerezi, ndipo Chichewa chimatsala ndi nthawi yake yochepa. Zotsatira zake n'zakuti chiyankhulo chimene mwana ali nacho champhamvu ndi chimene chimapatsidwa mpata wochepa woonetsera nzeru zake.

Sindinaphunzitse chibwereza kapena mvekero monga mitu ya pabolodi. Zinabwera zokha. Ana amene amaimba posewera fulaye ndi phada, amene amadziwa kuti wonena nthano akati "padangotero" omvera amayankha "tili tonse", safunika kuuzidwa kuti mzere wobwerezedwa umagwira omvera. Gulu lina linaika mtsogoleri wofunsa ndi ena oyankha, monga zimakhalira panyimbo za pamtondo kapena m'kwaya. Lina linaika kuponda pansi ndi mapazi pakati pa ndime. Gulu limene linkafunsa mpopi wouma linathera nthawi yaitali likukangana ngati madzi akamabwera patapita masiku amamveka kuti "fwaa" kapena amayamba ndi "khokhokho" wa mpweya m'paipi. Mkangano umenewo ndi ntchito yeniyeni ya mlakatuli, ndipo mayina a zipangizozo ndinawapatsa pambuyo, atazigwiritsa kale ntchito.

Vuto limene ndinakumana nalo linali la kutsanzira. Anyamata ambiri amamva ndakatulo za a Robert Chiwamba ndi alakatuli ena pawailesi ndi m'mafoni, ndipo akaima kutsogolo amatenga liwu, kapumidwe ndi kakokedwe ka mawu ka akuluakuluwo. Sindinawaletse mwaukali, chifukwa ndi alakatuli amenewa, pamodzi ndi a Benedicto Wokomaatani Malunga amene anawatsogolera, amene achititsa kuti mwana wa lero aone ndakatulo ya Chichewa ngati chinthu chonyaditsa. Ndinkangomufunsa mwana kuti, "Kodi amayi ako ukamawauza nkhani imeneyi kunyumba umayankhula choncho?" Akaseka n'kukana, ndinkamuuza kuti ayambire pa liwu la kunyumbalo, kenaka alikweze kufikira wa kumbuyo amve.

Panabukanso mkangano wina umene ndinaulola kupitirira. Gulu lina linkafunsa Napolo chifukwa chimene anadutsira pakati pa nyumba za anthu, chifukwa ndi mmene agogo awo anafotokozera zimene zinachitika. Ana ena anatsutsa, nati paphunziro la sayansi tinanena kuti nthaka inakhuta madzi, mitengo ya m'phiri inatha, ndipo nyumba zinamangidwa pamalo otsetsereka. Ndinawauza kuti dzina la Napolo linatchulidwanso ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991, ndipo a Steve Chimombo analemba ndakatulo zambiri za iye. Pamayeso a sayansi ayankhe za mitengo ndi nthaka, koma m'ndakatulo ali ndi ufulu woyankhula ndi Napolo maso ndi maso. Gululo linamaliza ndi ndakatulo imene Napolo akuyankha kuti njira anamutsegulira ndi anthu a nkhwangwa, ndipo mbali zonse ziwiri zinakhutira.

## Kunyumba kwa azakhali

Mtsikana uja sanalowe m'gulu lililonse. Ankakhala chapatali n'kumamvetsera. Tsiku lina ana ataweruka anatsalira, n'kuika padesiki langa pepala long'ambidwa pakati pa kope. Ndikulemba pano mizere yochepa yokha, ndi chilolezo chake ndi cha omulera:

Phiri la Soche, unatsikiranji?
Tinkakuona m'mawa uliwonse uli phee,
Unatsikiranji?
Amisiri anakhoma mabokosi, kho! kho! kho!
La achimwene anga silinakhomedwe.
Ndiwe bokosi lanji, matope iwe,
Loti sitingalinyamule, loti sitingaliperekeze?

Nditawerenga ndinadziwa kuti nkhaniyi siingathere pa ine ndi mwanayo. Chisoni chimene chinali papepalalo chinali cha banja lonse, ndipo mphunzitsi alibe ufulu wochitulutsa pabwalo chifukwa choti chalembedwa mwaluso. Ndinapita kwawo pamodzi ndi mayi wa m'gulu la amayi uja. Azakhali ake anatiyalira mkeka, ndipo titafotokoza chimene tadzera anati, "Aphunzitsi, pakhomo pano dzina la mnyamatayo sititchula. Mayi ake ali kumudzi, ndipo mpaka lero akamva galimoto yaima amatuluka kukaona."

Ndinati, "Mayi, ngati mukana, pepalali libwerera kwa mwini wake ndipo palibe wina adzalione. Sitinabwere kudzapempha kuti sukulu itchuke."

Iwo anaitana mwanayo n'kumuuza kuti, "Tawerenga timve." Anawerenga ataima pafupi ndi chitseko. Azakhaliwo anaphimba nkhope ndi chitenje, ndipo tinakhala osayankhula kwa nthawi. Pambuyo pake anati, "Ndimaganiza kuti mwanayu waiwala, chifukwa sanena kanthu. Ngati mwini wake akufuna, akanene. Koma dzina asatchule." Mtsikanayo anaika lamulo lakenso: sankafuna kuima yekha. Anapempha kuti iye azinena mizere, ndipo kalasi lonse liziyankha funso lobwerezedwalo.

Apa ndiyenera kuchenjeza aliyense amene angafune kuchita zofanana ndi zimenezi. Mwana akalemba za chisoni chake, sizitanthauza kuti wachira, ndiponso sizitanthauza kuti akufuna anthu amve. Mnyamata wina analemba za usiku umene anagona padenga, n'kundiuza kuti ndiwerenge ndekha basi, ndipo ndinachita monga ananenera. Mphunzitsi si dokotala wa maganizo, ndipo ana awiri amene zolemba zawo zinandidetsa nkhawa tinawatumiza kwa a zachisamaliro cha anthu kudzera kwa ahedi. Tinagwirizananso kuti patsiku la mwambo tidzapempha makolo kuti asajambule ndi mafoni. Ndaona mavidiyo ambiri a ana olira akuzungulira pa Facebook ndi WhatsApp, anthu akuyamikira luso lawo, pamene mwanayo sanafunsidwe ngati akufuna kuti nkhope yake idziwike ndi tsiku loipitsitsa la moyo wake.

## Pabwalo

Patsikulo magulu asanu analakatula. Ndakatulo ya patapata inaseketsa anthu mpaka a komiti anapukuta misozi, ndipo ya mpopi inachititsa amayi kuvomereza mokweza chifukwa ndi iwo amene amadzuka usiku kukadikira madzi. Mtsikana uja anali womaliza. Anaima kutsogolo, anzake opitirira 100 atamuzungulira kumbuyo, ndipo mawu ake sanali amphamvu monga ahedi anapemphera poyamba. Koma iye akati "Phiri la Soche", kalasi lonse linkayankha "unatsikiranji?", ndipo pofika kachitatu makolo ena anali akuyankha nawo. Palibe amene anadzuka kukafupa. Atamaliza, amayi ena achikulire anayambitsa nyimbo ya pamaliro motsitsa, ndipo anthu anaimba ndime imodzi mwambo usanapitirire.

Si onse amene anakondwa. Bambo wina wa m'komiti ananditengera pambali n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mwambo wa ana ndi wa chisangalalo. Mwatibwezera kumaliro, ndipo ena pano mabala awo sanapole." Sindinawatsutse, chifukwa nawonso anataya m'bale, ndipo anali ndi ufulu wosafuna kukumbutsidwa pagulu. Ndinawauza kuti chaka china tidzadziwitsa makolo pasadakhale zimene ana akonza, kuti wosafuna kumva athe kusankha. Koma pa mfundo yakuti ana azingonena zokondweretsa akuluakulu sindinagwirizane nawo, ndipo mpaka lero sindigwirizana nawo. Ana amenewa anagona m'makalasi momwemo pamodzi ndi anthu olira, ndipo kuwauza kuti pabwalo la sukulu anene za ukhondo wokha ndi kuwaphunzitsa kuti ndakatulo ndi malo onenerapo zimene sukuziganiza.

## Chimene chikusowa tsopano

Kuyambira chaka chimenecho sindilemberanso mwana ndakatulo yoti aloweze. Teremu iliyonse ndimatenga ndakatulo imodzi yakale, ana amaimva ndi makutu, kenaka amaiyankha ndi zawo. Sizikhala za chisoni nthawi zonse, ndipo zambiri zimakhala za njala ya masana, za mpira, za agogo, za minibasi. Ndaonanso kuti ana amene apekapo ndakatulo yawo savutika ndi mafunso a woyankhula ndi woyankhulidwa, chifukwa anakhalapo woyankhula iwo eni. Mtsikana uja anapitirira kulemba, ndipo pofika Sitandade 7 ankathandiza ana a m'makalasi a m'munsi kukonza zawo.

Chimene chimandivuta ndi kupeza ndakatulo zakalezo. Ya a Chadza ndinaipeza chifukwa bambo wina wokalamba anaisunga pamtima, ndipo mabuku a m'sutikesi mwawo akutha ndi njenjete ndi chinyezi. Aphunzitsi achinyamata ambiri amene ndimakumana nawo ku TDC, malo osulira aphunzitsi a m'zoni, anangomvapo mayina a a Chadza ndi a J.W. Gwengwe, koma sanagwirepo buku la ndakatulo zawo. Tili ndi Malawi Institute of Education ku Domasi imene imakonza mabuku a m'masukulu, tili ndi Centre for Language Studies ku Zomba imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board, ndipo tili ndi osindikiza mabuku. Pempho langa kwa iwo ndi laling'ono: kabuku kotsika mtengo ka ndakatulo zakale za Chichewa zosankhidwira ana a Sitandade 5 mpaka 8, kosindikizidwa ndi chilolezo cha mabanja a alembi ake, kokhala ndi malangizo ochepa a kalakatulidwe m'malo mwa mafunso a mayeso. M'madera amene ana amayankhula Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe kapena Chisena kunyumba, ntchito yomweyi ingayambire pa nyimbo ndi ndakatulo za m'ziyankhulo zimenezo, chifukwa mwana amafunsa mozama m'chiyankhulo chimene amalirira.

Podikira zimenezo, ine ndi aphunzitsi anzanga a m'zoni yathu tayamba kupita kwa bambo aja Loweruka masana. Iwo amalakatula kapena kutiwerengera, ife timakopera m'kope lalikulu lachikuto cholimba, ndipo pansi pa ndakatulo iliyonse timalemba dzina la mlembi wake ndi buku limene yachokera. Kopelo limayenda sukulu ndi sukulu, ndipo mphunzitsi amene walibwereka amalibweza atawonjezeramo ndakatulo imodzi imene waipeza kwa achikulire a kwawo.